Mkango wa Diso Limodzi

M'caka ca 2012 tinatenga ana athu ndi agogo ao kunka ku Lilongwe, kukaona nyama zosungidwa m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pa malo a Lilongwe Wildlife Centre. Tinanyamula mbatata yophika ya kamba, ndipo ana sanagone tulo usiku umenewo cifukwa ca kukondwa.

Tinaona anyani, apusi, agwape ndi ng'ona. Potsiriza tinafika pa mpanda wa mkango waukazi wa diso limodzi, dzina lace Bella. Wotitsogolera anatiuza kuti unacokera ku Romania, dziko la ku Ulaya, m'caka ca 2009, kumene unazunzika m'khola lopapatiza. Agogo anagwira pakamwa. Pakuti ali mtsikana, mkango ukabangula kuseri kwa phiri, anthu ankatseka zitseko dzuwa lisanalowe. Ndipo anati, Kodi mikango ya kwathu inanka kuti, kuti zidzukulu zanga zione wa kutsidya kwa nyanja?

Funso limeneli latikhala mumtima. Caka comweco mikango ya ku Majete inacita kutengedwa ku South Africa, popeza ya kumeneko inatha kale.

Buku la Genesis litiuza kuti Mulungu anadza nazo nyama kwa Adamu kuti azipatse maina, namuika m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Tsono ife tidziwa mwambo wace wa dzina. Munthu amene apatsa mwana dzina sakhala mlendo kwa iye. Mwanayo akadwala amuzonda, akasowa amfunafuna. Momwemonso ulamuliro umene tinapatsidwa pa nyama uli ndi mlandu wace. Ndipo kwa Yobu, Yehova anafunsa za cakudya ca mikango ndi ca ana a khungubwe, kuti Yobu azindikire kuti zamoyo izi ziri ndi Mwini wace, amene amva kulira kwao.

Sitikuti musiye nyani athyole cimanga canu, iai. Amene anagonapo pa nsanja kudikira munda adziwa kuwawa kwace, ndipo kuteteza cakudya ca ana si cimo. Koma nanga wotentha thengo lonse cifukwa ca mbewa zodzaza dzanja limodzi? Nanga woika misampha ya waya, naiwala kukaizonda, gwape naolera pomwepo? Mkristu wotere adzayankha ciani?

Apusi ambiri amene tinaona tsiku lija anafika pamenepo ali ana amasiye. Anthu anapha amai ao, nagulitsa anawo m'mbali mwa mseu atawamanga cingwe m'cuuno. Pobwerera pa basi, mwana wathu wamng'ono anatifunsa kuti ogula apusiwo ndi anthu otani. Tinakhala cete, abale. Pakuti ife tomwe tinagulapo kapusi kotere tiri anyamata, kuti tizisewera nako, ndipo kanakana kudya, nikafa tsiku lacitatu.