Khwangwala Wamantha ndi Nkhonya za Mayweather

Ana inu, tsitsani mawu pang'ono, chifukwa mkangano mukuuwiritsawu, wa Floyd Mayweather, ndi wamkulu kuposa ndevu zanu. Uyu akuti munthu amene adakwera m'bwalo la nkhonya ka 50 n'kutsikamo ka 50 dzanja lili m'mwamba safunanso mboni. Uyo akuti ayi, mwamunayu ankasankha omenyana nawo monga asankhira mayi tomato pamsika, kufinya uyu, kubweza uyo, mpaka atapeza wofewa. Ine ndimangoseka, pakuti nonse mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake simudzamvana.

Choyamba munthu mupatseni zake. Adabadwira ku Grand Rapids m'chaka cha 1977, m'nyumba imene nkhonya zidali ngati chuma cha makolo: bambo ake adali womenya, bambo ake aang'ono a Roger adali ndi malamba a dziko lonse, ndipo ndiwo adamuphunzitsa kwa zaka zambiri. Ku Atlanta mu 1996 adabwerako ndi mendulo ya malo achitatu ya Olympic, ndipo pofika 1998, ali ndi zaka 21 zokha, adalanda lamba kwa Genaro Hernández. Masiku amenewo sankafinya tomato ayi. Mu 2001 adakumana ndi Diego Corrales, wamtali, wa dzanja lolemera, amene adali asanagonjepo, n'kumugwetsa kasanu. Mu 2002 José Luis Castillo adamupanikiza pazingwe mpaka anthu ambiri adatuluka akunena kuti majaji amubera Castillo, ndipo mnyamatayo sadathawe, adamuitananso chaka chomwecho n'kumupambana. Ngakhale Phillip N'dou wa ku South Africa, amene kwawo ankagwetsa anthu ngati kusewera, adapita ku Grand Rapids mu 2003 n'kuthera m'ndime yachisanu ndi chiwiri. Akulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mutu uwu, ngakhale udakula ndi matama, unkalewa ndithu, chibwano chitabisala kuseri kwa phewa lamanzere, dzanja lamanja likudikira kubwezera, ndipo nkhonya yobwezera mukuidziwa kuwawa kwake.

Pamene njira idakhota mpoti mu 2006. Chaka chimenecho adalipira wokonza nkhonya Bob Arum madola 750,000 kuti amasuke ku kampani yake ya Top Rank, n'kusiya patebulo madola 8 miliyoni amene ankamupatsa kuti amenyane ndi Antonio Margarito. Anthu adati wathawa. Iye adali ataona patali, pakuti chaka chotsatira adamenyana ndi Oscar De La Hoya n'kutola ndalama zochuluka kuposa pamenepo, ndipo kuyambira apo womenya adali iye, wokonza nkhonya adali iye, woitana alendo adali iye. Dzina lomwe lidasintha, adayamba kudzitcha "Money". Pagule fumbi ndiwe mwini, iye fumbilo ankalikweza tsiku lofuna iye, ndi munthu wofuna iye.

Tsono apa mverani bwino, chifukwa mpamene inu mumasokoneza. Mukawerenga maina, palibe cholakwa: De La Hoya, Ricky Hatton, Juan Manuel Márquez, Shane Mosley, Miguel Cotto, Canelo Álvarez, Manny Pacquiao, onsewa ndi amuna oti ukawatchula umachotsa chipewa. Mlandu uli pa nthawi ndi pa sikelo. Márquez adachokera kwa opepuka, adapangana kuti akumane pa mapaundi 144, koma tsiku lokwera sikelo mu 2009 Mayweather adalemera 146, n'kulipira chindapusa cha madola 600,000 osaphethira, ngati munthu amene adali ataziwerengera kale. Mosley adamupeza ali ndi zaka 38. Canelo adamupeza ali ndi zaka 23, n'kumuuza kuti atsike afike pa mapaundi 152. Wina adamutola atapsa kwambiri, wina akadali wamuwisi, ndipo Paul Williams, wamtali wamanzere uja, sadamukhudze n'komwe.

Komatu nanunso owonera muli ndi kakhalidwe kanu, ndipo ine ndakaona kuyambira kale. Nkhonya isanachitike mumati uyu ndiye amutha, nkhonya ikatha mumati adali nkhalamba kale. Mosley yemweyo adali atangophwasula Margarito mu 2009, ndipo m'ndime yachiwiri adamutibula Mayweather ndi lamanja mpaka mawondo adagwedezeka, anthu n'kuimirira pamipando. Atagonja, pakamwa pomwe paja padatuluka mawu oti adali wotha. Canelo adali asanagonjepo, ndipo pambuyo pake adatola malamba m'magulu olemera angapo, koma mukamakamba za usiku wa 2013 mumangokumbukira kuti adali mwana. Anyani amasekana zikundu. Iye ankasankha adani, inu mumasankha zokumbukira.

Pali mlandu umodzi wokha umene ine sindiuchotsa pamutu pake, ngakhale sali yekha pousenza. Kumapeto kwa 2009 Pacquiao adali moto wolusa, atasiyitsa De La Hoya, atagoneka Hatton m'ndime yachiwiri, atatupitsa nkhope ya Cotto. Dziko lonse lidafuna kuona atambala awiriwa m'khola limodzi, ndipo zidatsala pang'ono kutheka mu March 2010, koma zidagwa pa nkhani yoyeza magazi: Mayweather ankafuna kuti aziyezedwa mosadziwitsa mpaka pafupi ndi tsiku, a mbali ya Pacquiao adakana, ndipo Arum naye, wokonza nkhonya za Pacquiao, amene adali ndi chidani chake chakale ndi Mayweather, sadathire madzi pamotopo. Kenaka idabwera nkhani ya kagawidwe ka ndalama, kenaka ina, zaka n'kumapita. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pofika pa 2 May 2015, pamene adakumana ku Las Vegas, ife kuno titadzuka m'bandakucha wa Lamulungu maso ali psuu, Pacquiao adali atagonekedwa kale chafufumimba ndi Márquez mu December 2012, adali ndi zaka 36, mnzake 38, ndipo atagonja adati phewa lidali lovulala. Ku America nyumba zoposa 4 miliyoni zidalipira kuti zione. Ndalama zidachuluka chifukwa cha kudikirako, koma funso limene tinkafunsa mu 2010 lidafa losayankhidwa, ndipo palibe adzaliukitse. Mwina akadapambana nthawi imeneyonso, ine ndimaganiza choncho. Koma "mwina" sapatsa munthu lamba.

Musaganize kuti akale adali oyera. Jack Dempsey adasunga lamba wa olemera zaka zisanu ndi ziwiri osakumana ndi Harry Wills, munthu wakuda amene aliyense ankadziwa kuti ndiye woyenera. Rocky Marciano, uja adamenya nkhonya 49 osagonjapo, adamenya Joe Louis ali ndi zaka 37 ndi Jersey Joe Walcott ali ndi zaka 38. Sugar Ray Leonard adakhala pansi akumuyang'ana Marvin Hagler mpaka ataona kuti liwiro layamba kuchepa, ndiye n'kumuitana mu 1987. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo luso limeneli silidayambe ndi Mayweather, iye adangolinola n'kulichita poyera, akuwerenga ndalama pamaso pathu.

Mukatchula Muhammad Ali ndimakhala chete pang'ono. Uyu ndiye sadasankhe: Sonny Liston, Joe Frazier katatu, Ken Norton katatu, George Foreman ku Kinshasa mu 1974 pamene anthu ankaopa kuti aphedwa. Adagonja kasanu ndipo palibe amamuwerengera. Koma amene adaona zimene Larry Holmes adamuchita mu 1980, ndi manja onjenjemera aja akuyatsa moto wa Olympic ku Atlanta mu 1996, m'masewera omwewo amene mnyamata Mayweather ankamenyamo, amadziwa mtengo wake. Timakonda kunena kuti khwangwala wamantha adafa ndi ukalamba, ndipo timaunena mwambiwu polangiza ana athu, koma tikakhala pampando woonera nkhonya timafuna khwangwala wina, wosaopa legeni, woti atisangalatse ndi magazi ake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mutu umene ukugundidwawo ndi wake, ife tikangozimitsa kanema timapita kukagona.

Ndipo kumbukirani kuti kusankha ndi mwayi wa ochepa. Isaac Chilemba wathu wa ku Blantyre sadakhalepo ndi mphamvu yonena kuti uyu ayi, uyu adikire, sikelo ikhale apa. Adakamenyana ndi Tony Bellew ku England, adakamenyana ndi Sergey Kovalev kwawo ku Russia mu 2016 n'kumaliza ndime zonse 12 ali chiimire, adakumananso ndi Dmitry Bivol mu 2018. Mbiri yake ili ndi zipsera zambiri, ndipo mwana wongowerenga manambala anganene kuti adali wamba. Omenya ochuluka padziko ali ngati iye, foni ikalira amanyamula chikwama. Mayweather adayamba wakwera phiri ndi miyendo yake, n'kufika pamene foni ankaimba ndi iye.

Ndiye mukandifunsa, ndinena kuti pa luso lolewa ndi kuwerenga mdani, m'badwo wake udalibe wofanana naye, ndipo amene amakana zimenezi amakana chifukwa chodana ndi pakamwa pake. Koma ziro wa kusagonjayu adamusandutsa mlonda. Zaka zomaliza ankamenya ngati munthu wolondera nkhokwe, ndipo kumapeto kwenikweni ndiko kumandiseketsa. Kuti afanane ndi Marciano mu September 2015 adaitana Andre Berto, amene pa nkhonya zake zisanu ndi imodzi zapitazo adali atagonja zitatu. Kuti amupose, mu August 2017 adaitana Conor McGregor, katswiri wa masewera ena a zibakera ndi mateche, amene adali asanamenyepo nkhonya yolipidwa ngakhale imodzi. Akuluakulu a nkhonya ku Nevada adavomereza, McGregor adatopa n'kuimitsidwa m'ndime yakhumi, ndipo m'mabuku adalemba 50. Inu lembani momwemo ngati mufuna. Ine powerenga ndimaima pa 49, ndipo Berto yemweyo ndimamuwerenga monyinyirika.