Lamulo Limene Lilibe Mlonda

Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Naperi ali ndi wailesi yolankhulirana m'galimoto lake loyenda m'misewu yamatope. Chiphaso chake chimlola kulankhula pa mafunde owerengeka okha, koma iye adziwa kuti akaitsegula nasinthamo kanthu kakang'ono, idzalankhula ponse. Ndipo afunsa: "Popeza palibe wondiona, kodi ndichimwa?"

Abale okondedwa, taonani mtsinje wa Naperi. Wotayamo zonyansa kumtunda samuona mayi wochapa kumunsi, komabe amlakwira. Mafunde a wailesi ali chimodzimodzi: ndi chuma cha tonse. Nchifukwa chake bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ligawa mafundewo: ena a ndege, ena a apolisi, ena a ongokonda lusoli. Wolowa m'mafunde a eni ake angathe kutsekereza mau a munthu woitana thandizo, iye osadziwa konse.

Tomasi Woyera wa ku Aquino adaphunzitsa kuti lamulo loona lilinga ubwino wa anthu onse. Tsono lamulo lotere limanga mtima wa Mkhristu ngakhale wapolisi ali kutali.

Nanga pa ngozi? Kumbukirani namondwe Freddy, amene adakwirira nyumba ku Chilobwe mu 2023. Moyo ukakhala pachiswe chotere, malamulo a maiko alola kuitana thandizo mwa njira iliyonse, pakuti lamulo lidaikidwa chifukwa cha munthu. Koma kucheza ndi anzako paulendo sindiyo ngozi ai.

Makatekisti, phunzitsani ana kuti mlonda woyamba ndiye mtima wao.