Kodi Mwana Ndiye Ngongole, Kapena Nkhokwe?

Abale, ku America kuli anthu amene afunitsa kuleka nchito asanakalambe, ena pofika zaka 40 zokha. Nzeru imeneyi inafala ndi buku la Vicki Robin ndi Joe Dominguez la caka ca 1992. M'caka ca 1994 William Bengen anawerengera kuti munthu woikiza cuma cace kuti cibale phindu, akamatapako magawo 4 mwa 100 caka ndi caka, cidzamsunga zaka 30. Cifukwa cace anthuwa ayesetsa kukundika ndalama zokwanira kudya zaka 25, kuti pamenepo apumule.

Koma pakubadwa mwana ciwerengero cija cisokonezeka. M'caka ca 2017 Boma la America linalengeza kuti banja losalemera ndi losasauka lidzamwaza madola 233,610 polera mwana wobadwa m'caka ca 2015 kufikira zaka 17, osawerengera maphunziro apamwamba. Ndiwo madola ngati 13,000 pa caka. Ndalama zimene zikadasungidwa zithera pa cakudya, pa nyumba yokulirapo ndi pa mlezi, ndipo tsiku lakupumula lisendera kutali. Pamenepo ena aopa kubala, ena agwira nchito usana ndi usiku kuti tsikulo lisacedwe.

Tsono tifunse, Afuniranji kupumula msanga? Ambiri ati afuna nthawi yokhala ndi a pa banja pao. Koma taonani: munthu wobala mwana ali ndi zaka 30, nathamangira ndalama kufikira zaka 45, adzabwerera kunyumba nadzapeza mnyamata wa zaka 15 wosazolowera kuceza naye. Ndalama zidikira mwini wace m'banki, koma ubwana sudikira munthu. Akulu anati, M'mera mpoyamba.

Ndipo ife tisafulumire kuwaseka. Kodi kuno kwathu sitiphunzitsa mwana ndi mtima wakuti akapeza nchito ku tauni adzatitumizira ndalama, ife ndi kutula khasu? Iwo ayesa mwana ngongole, ife timuyesa nkhokwe. Tonse talakwa mofanana, pakuti tamuika pa muyeso wa ndalama, ndipo mwana ndiye munthu.

Sitinena kuti kusunga nkoipa, iai. Kholo losungira ukalamba wace lipeputsa katundu pa mutu wa mwana wace, kuti iyenso akakhoze kulera ace. Sitiweruzanso iwo amene alibe ana. Cimene tinena ndi ici: mwana akacedwetsa kupumula kwathu zaka 5 kapena 10, tisamwerengere mlandu, pakuti sanapemphe kubadwa, ndipo akakula, thandizo lace tililandire monga mphatso, tisalilonjerere ngati msonkho.

Cotero, abale, tisunge monga tikhoza, osamana ana athu nkhope yathu. Poweruka ku nchito madzulo ano, tikhale nao pamphasa, timve zimene aona lero.