Kwa inu okhala moyandikana ndi Koeberg

Ana anga, ambiri mwa inu mwadzaza ku Cape Town, ena ku Atlantis, ena ku Dunoon ndi Table View, mukugwira maganyu m'minda yamaluwa, m'malo odyera ndi m'nyumba za mabwana. Ndifuna mudziwe mnansi wanu amene amakhala phee m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Melkbosstrand, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzindawo. Dzina lake ndi Koeberg, malo okhawo m'dziko la South Africa amene amapanga magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya.

Musayambe ndi mantha. Ng'anjo zake ziwiri zidayamba kugwira ntchito mu 1984 ndi 1985, ndipo pamodzi zimatulutsa mamegawati oposa 1,800, kuchulukitsa kangapo magetsi onse amene EGENCO imapanga kwathu ku Malawi. Malasha a Eskom, kampani ya magetsi ya m'dzikomo, ali kutali ku Mpumalanga, choncho Koeberg ndiyo imachirikiza magetsi a kumadzulo konseko. Siitulutsa utsi wofoola mapapo ngati wa malasha. Ikadzazidwa yureniyamu, mwala womwewo umene unkakumbidwa ku Kayelekera ku Karonga, imayaka usana ndi usiku kwa miyezi yambiri, kaya kuli dzuwa kaya kuli mitambo. Mufiriji ya bwana wanu muli gawo la magetsi amenewo.

Chifukwa chake adaimanga pagombe n'chakuti ng'anjoyo imatentha koopsa, ndipo imafunika madzi ochuluka oziziritsa makina. Nyanja ya Atlantic ndi yozizira ndipo siuma. Koma apa m'pamene pagona nkhani. Ku Japan, pa 11 March 2011, chivomezi champhamvu chidagwedeza gombe la Fukushima. Ng'anjo za nyukiliya za kumeneko zidazima zokha monga zidapangidwira, koma yureniyamu amapitiriza kutentha ngakhale atazimitsidwa. Kenaka kudabwera mafunde a tsunami otalika mamita pafupifupi 14, nadumpha khoma lotchinga nyanja, namiza majenereta a dizilo amene akanayendetsa mapampu. Madzi oziziritsa adasiya kuyenda, ng'anjo zitatu zidasungunuka, ndipo anthu oposa 150,000 adasamutsidwa m'makomo mwawo. Alimi adasiya minda ndi ng'ombe, asodzi adasowa wogula nsomba zawo. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Gombe lija lidakanthidwapo kale ndi mafunde otere, omanga okhawo ndiwo adanyozera.

Cape Town siili pamalo a zivomezi zazikulu ngati Japan, ndipo ng'anjo za Koeberg zidakhazikidwa pa zitsulo ndi mphira zochepetsa kugwedezeka. Komabe nyanja siisowa zake: mu 2020 nsomba ndi tinyama tolendereka totchedwa jellyfish zidatseka zosefera madzi mpaka ng'anjo imodzi idaima. Chondidetsa nkhawa ine kwambiri ndi zinyalala. Zoopsa pang'ono zimakakwiriridwa ku Vaalputs, kuchipululu cha Northern Cape, koma yureniyamu wogwiritsidwa ntchito kale akadali pompo, m'mathanki a madzi ndi m'migolo yokhuthala, ndipo cheza chake chidzakhalabe choopsa kwa zaka masauzande. Mu 2024 ng'anjo yoyamba idaloledwa kupitiriza mpaka 2044, ndiye kuti mulu uja ukukulabe.

Nthenda yathu ife alendo ndi yoganiza kuti za m'mudzi wa eni sizitikhudza. Ena mwa inu mumathawa chilichonse chonunkha boma poopa kufunsidwa mapepala. Cheza sichifunsa pasipoti. Madera onse a mkati mwa makilomita 16 kuchokera ku Koeberg ali ndi masayirini ochenjeza, ndipo amayesedwa nthawi ndi nthawi. Mukamva kulira kwake, imani mumvetsere zolengezazo. Ngati si kuyesa chabe, lowani m'nyumba, tsekani zitseko ndi mazenera, tsegulani wailesi. Pali mapiritsi a ayodini oteteza chithokomiro, makamaka cha ana. Amenewo mumamwa pokhapokha akuluakulu a zaumoyo atanena.

Sabata ino funsani mwini nyumba kapena kukhansolo ngati kumene mukugona kuli mkati mwa makilomita 16 aja, ndipo mukawauze anzanu akutchalitchi ndi akumzikiti amene Chingerezi ndi Afrikaans zimawadutsa.