Kodi Nkulakwa Kusiya Mphatso Igone?

Mwezi watha, pofunafuna kalata yanga ya ubatizo m'sutikesi yakale, ndinapeza kope la cikuto cofiira limene ndinali kulembamo nthano ndi ndakatulo pamene ndinali ku sekondale. Mphemvu zinali zitadya m'mbali mwake. Pa tsamba lomaliza panali mizere itatu cabe ya nkhani yosatsiriza, ndipo tsiku limene ndinalemba pamwamba pake linandiuza kuti papita zaka zinayi. Ndinakhala pansi ndi kudzifunsa funso limene ndifuna tiliganizire pamodzi, acinyamata anzanga: kodi munthu akasiya kugwiritsa nchito mphatso yake, walakwira yani?

Ena adzayankha msanga kuti sanalakwire munthu aliyense. Pa Malamulo Khumi palibe lamulo lonena za kulemba. Wosiya kulemba sanabe, sananame, sanaphe. Ndiponso ngakhale munda umafuna kupumula, nkuona makolo athu anali kuugoneka zaka zingapo kuti nthaka ibwerere mphamvu. Mau amenewa ali ndi nzeru, tisawataye. Ilipo nyengo ya maliro, ya matenda, ya mayeso a Giredi 12, ya kuyendayenda m'maofesi kufuna nchito, pamene bolopeni imalemera ngati munsi. Mulungu sali kapitao woimirira ndi cikoti kumbuyo kwa munthu wolema.

Komatu mlimi wogoneka munda amadziwa caka cimene adzabwererako ndi khasu. Ine sindinali kupumula ai, ndinacita kuthawa. Ndinatumiza nthano ziwiri ku magazini ina, yankho osabwera. Mnzanga wina anawerenga ndakatulo yanga mokweza pakati pa anyamata, onse nafa nazo nseko. Kuyambira pamenepo ndinayamba kunena kuti ndilibe nthawi, cikhalirenico nthawi ya mpira ndi ya foni sinali kusowa.

Tikawerenga fanizo la matalente pa Mateyu 25:14-30, tipeza kuti kapolo wacitatu uja sanabe kanthu. Ndalama ya mbuye wake anaibweza yonse yathunthu. Mlandu wake unali wakuti anaikwirira pansi, ndipo iye mwini anavomera kuti anatero cifukwa ca mantha. Pamenepa tiphunzira kuti munthu angathe kulakwa manja ake ali oyera, pakungoleka kucita cimene anapatsidwa kuti acite. Petro nayenso, pa 1 Petro 4:10, atikumbutsa kuti mphatso timalandira kuti titumikire nayo anzathu.

Ine ndinamvetsa zimenezi mocedwa. M'zaka zinayi zija agogo anga aakazi anamwalira kumudzi, ku Katete. Iwo anali kudziwa maina a makolo athu mibadwo isanu, njira imene banja lathu linadzera, ndi nyimbo za pamtondo zimene atsikana a lero sazidziwa. Ndinawalonjeza kuti ndidzabwera ndi kope kudzalemba zonse. Zengerezu analinda kwaukwau. Pa maliro ao amalume awiri anatsutsana za dzina la kholo lathu lina, ndipo woweruza panalibe, pakuti wodziwa anali m'bokosi. Amene ndinawalakwira ndi ana a alongo anga, amene adzafunsa tsiku lina, ife nkungoyang'ana pansi.

Taganizani za Samuel Ntara wa ku Malawi. Anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, wokhala ndi nchito yake ya m'kalasi, koma analemba buku la Nthondo, limene mu 1934 linatulukanso m'Cingerezi. Pambuyo pake anasonkhanitsa mau a akuluakulu nalemba Mbiri ya Acewa. Akadanena kuti alibe nthawi, zambiri zikadalowa m'manda pamodzi ndi eni ake.

Tsono wina adzati, "Ndamva, koma mtima wanga sufuna. Ndidzayamba cilakolako cikabwera." Apa tiyeni tiyang'ane Baruki, mlembi wa mneneri Yeremiya. Caputala 36 ca buku la Yeremiya citiuza kuti m'caka cacinayi ca mfumu Yehoyakimu, Baruki analemba mumpukutu mau onse amene mneneriyo analalika kuyambira masiku a mfumu Yosiya, ulaliki wa zaka zoposa 20. Caka cotsatira, m'nyengo yozizira, mpukutuwo unawerengedwa pamaso pa mfumu, iyo ili kuotha moto. Wowerenga akatha zigawo zitatu kapena zinayi, mfumu inali kuzidula ndi mpeni ndi kuziponya pa mbaula, kufikira mpukutu wonse unatha. Caputala 45 cionetsanso kuti Baruki anali atadandaula kale kuti walema ndipo sapeza mpumulo. Munthu wotere akadasiya, ndani akadamudzudzula? Koma Mulungu atalamula, Yeremiya anampatsa mpukutu wina, iye nalembanso mau onse oyamba, ndi ena ambiri oonjezerapo. Baibulo silinena kuti anayembekeza kufikira mtima utakoma. Anakhala pansi nagwira nchito.

Pano mpamene ambiri timasokera. Timayesa kuti cilakolako cimatsogola, nchito nkutsata pambuyo. Funsani aliyense amene analimapo. Palibe amene amakonda kudzuka m'bandakuca mame ali mbwee, koma mizere iwiri ikatha thupi limatentha, nyimbo nkubwera yokha. Mtima umatsata manja. Woyembekeza kuti mtima uyambe adzapeza mvula itapita.

Cotsala ndi manyazi. Nditawerenga nthano zanga zakale, zina zinandiseketsa cifukwa ca cibwana cake, ndipo mizere yoyamba imene ndinalemba tsopano inali yokhotakhota kuposa yakale. Nzosadabwitsa. Munda wa tsala suyamba ndi kukolola, uyamba ndi kusosa. Kunyada ndiko kumafuna kuti tsamba loyamba likhale lokoma; kudzicepetsa kumalola kuyamba ndi zosakoma.

Njira imene yandithandiza ndi yaing'ono. Ndimalemba mizere isanu tsiku lililonse ndikatha pemphero la m'mawa, ndisanagwire foni. Ndimalemba m'Cinyanja, cinenero cimene ndimalota naco. Ndinayamba ndi zimene ndikumbukira za agogo, ndipo zimene ndaiwala ndimafunsa amai akali moyo. Pa Sabata, tikatuluka m'chalichi, ndimawerengera mnzanga mmodzi wa m'kwaya zimene ndalemba, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tsiku likandiphonya sindilipira ndi masamba khumi mawa lake. Ndimangolemba mizere isanu ija. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mwina inu mphatso yanu si kulemba. Kapena ndi gitala imene yapacikidwa pa khoma, makina osokera amene afundidwa citenje, kapena mau amene kwaya inawamva komaliza caka catha. Funso ndi limodzimodzi: kodi muli kupumula, kapena munakwirira? Ngati muli kupumula, chulani tsiku lobwerera. Ngati munakwirira, kumbukirani kuti Mwini talente sanabwere, ndipo khasu lofukulira likali m'manja mwanu.

Agogo sindingawabweze. Koma amai anena kuti Loweruka likudzali adzandifotokozera za caka cimene anasamuka kumudzi, ndipo kope lofiira lija likali ndi masamba 14 osalembedwa.