Mlendo Adza ndi Kalumo Kakuthwa

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri yonena za mlendo, ndipo yonse ndi yoona. Wina umati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa. Unzake umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyambi imeneyi imandibwerera masiku ano pamene mabungwe akukwera zitunda zathu za Dowa ndi Ntchisi kukalimbikitsa ana asukulu kuti akonde masamu ndi sayansi. Amabwera ndi makompyuta, timababu ndi mawaya, nthawi zina ndi mtsikana amene anamaliza za uinjiniya, n'kuima pamaso pa ana kuwauza kuti nayenso anakulira kumudzi akutunga madzi pamjigo. Ntchito imeneyi ndi yabwino, ndipo ine ndimaiyamika ndi mtima wonse. M'mera mpoyamba: mwana amene sanaonepo dokotala wamkazi kapena katswiri wa zamagetsi sangalakelake ntchito imene sakuidziwa.

Kuthwa kwa kalumo ka mlendo tinakuona pa William Kamkwamba. Mnyamatayu anabadwira ku Dowa mu 1987, n'kukulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira sukulu ya sekondale, iye n'kukhala pakhomo. Koma pasukulu ya pulayimale ya Wimbe panali kanyumba ka mabuku amene anthu akutali anapereka. Mmenemo anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsata zithunzi. Anatola zitsulo zotayidwa, dayinamo ya njinga, mapaipi ndi milimo ya bulugamu n'kupanga makina oterowo, mpaka babu linayaka m'nyumba ya makolo ake. Mu 2007 anakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, mu 2014 anamaliza maphunziro pa Dartmouth College ku America, ndipo bungwe la Moving Windmills Project, limene linayamba mu 2008 chifukwa cha ntchito yake, lathandiza kumanga makalasi kwawo komweko.

Anzanga akuluakulu, taonani bwino nkhaniyi. Amene anabweretsa mabuku aja sanamuone n'komwe mnyamatayo tsiku limene ankawatsitsa. Chinamupulumutsa n'chakuti mabukuwo anatsala, ndipo ankatha kuwabwereka lero, mawa ndi mkuja. Apa ndiye pali nkhawa yanga ndi maulendo a tsiku limodzi. Ana amasangalala, amaomba m'manja, amajambulidwa zithunzi, dzuwa likapendeka alendo n'kupakira katundu yense. M'mawa mwake mwana uja abwerera kusukulu yake yoyendera, ya CDSS, kumene kulibe chipinda choyeseramo zinthu za sayansi. Amaloweza pamtima dzina la chipangizo chimene sanachigwirepo, kuti akachijambule pamayeso a MSCE akupikisana ndi mnzake wa kusukulu ya sekondale ya Robert Blake ku Kongwe. Mphunzitsi wake ndi munthu wodzipereka, koma mwina anasulidwa kuphunzitsa phunziro lina, ndipo fizikisi anangoisenza poti panalibe wina. Boma linatsegula koleji ya Nalikule mu 2017 kuti izisula aphunzitsi a masamu ndi sayansi, koma sukulu za m'mapiri muno n'zambiri, ndipo si onse ofuna kukhala kutali ndi tala.

Ndikanakonda mabungwewa akanayamba ndi mphunzitsi ameneyu, pakuti ndiye amatsala. Amusule, amusiyire bokosi la zipangizo ndi mabuku, azibwera kudzamuona teremu iliyonse. Ndikanakondanso akanatenga mafunso awo m'minda mwathu momwemu. N'chifukwa chiyani mtedza wosauma bwino umachita chuku, ndipo chukucho chimawononga bwanji chiwindi cha munthu? Mbozi zimene zinayamba kutha chimanga chathu kuyambira cha mu 2017 zimaswana bwanji? N'chifukwa chiyani mitsinje yochokera m'nkhalango ya Ntchisi imayenda chaka chonse pamene ya kumapiri ometedwa imaphwa Okutobala asanafike? Mwana akayankha limodzi mwa mafunso amenewa, bambo ake adzaona phindu la sukulu m'nkhokwe, ndipo sadzamutulutsa m'kalasi kuti akasoke fodya.

Nafenso makolo mlandu tili nawo. Pamene Kamkwamba ankatolatola zitsulo kudzala, anthu a m'mudzi ankati wapenga, ena ankati akusuta chamba. Timaphunzitsa ana kuti safunsa adadya phula, koma mwana akatifunsa chimene chimalankhula m'wailesi timamukalipira kuti ndi wamwano, akaimasula kuti aone timamukwapula. Mtsikana akafika kuchokera kusukulu timamupatsa ndowa ndi mtondo, mlongo wake ali pa buku, kenako timati masamu ndi a amuna. Chonsecho agogo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu, ndipo zotsalira za ng'anjozo zikadalipo m'nkhalango ya Kasungu. Amayi athu ankatcheza chidulo kuchokera ku phulusa, akudziwa mtengo woyenera ndi wosayenera. Nzeru zoyesa zinthu n'zathu kuyambira kale, tisazione ngati zachilendo.

Ndipo ntchito za sayansi sizili kutali monga tinkaganizira. Pa Dzaleka pomwepa, pamene panali ndende m'nthawi ya Kamuzu ndipo panasanduka kampu ya othawa kwawo mu 1994, achinyamata akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ku TakenoLAB, sukulu imene inayambitsidwa ndi wothawa kwawo wochokera ku Burundi. Ku Kasungu, boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera tindege topanda woyendetsa mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti. Mwana wa ku Malomo kapena ku Madisi angathe kukafika kumeneko ngati wina amugwira dzanja kuyambira Sitandade 5 mpaka Fomu 4. Choncho mafumu ndi makomiti a sukulu, mukalandira kalata ya bungwe lofuna kudzacheza ndi ana, alandireni ndi manja awiri, koma muwafunse chimene adzasiye, mphunzitsi amene adzachisunge, ndi mwezi umene adzabwerenso.