Dzina la Matenda si Dzina la Munthu

M'caka canga cacitatu pa University of Zambia tinali ndi phunziro la matenda a maganizo, limene pa Cingelezi amati psychopathology. Buku lathu lalikulu linali DSM-5, limene bungwe la madokotala a maganizo a ku America linatulutsa mu 2013. M'menemo matenda alionse ali ndi dzina ndi mndandanda wa zizindikiro zake. Matenda a depression ali ndi zizindikiro 9, ndipo munthu akakhala ndi 5 kwa milungu iwiri, dzinalo likhoza kumugwira. Ndinaloweza zonse, mayeso ndinakhoza, ndipo ndinabwerera ku Chipata ndikudziona ngati munthu wopatsidwa maso ena.

M'kalasi yanga ya giredi 9 munali mtsikana wa ku Nabvutika. Anayamba kuodzera pa desiki, kuonda, kutopa msanga, kusamvetsera, kusaseka ndi anzake. Ndinawerenga pa zala, zisanu zinakwana, ndipo mumtima ndinanyada. Ndinakamba nkhaniyo mu ofesi ya aphunzitsi, citseko cili cotsegula. Mlungu usanathe, ana anayamba kumucha wamisala. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Wanga unanditsata, koma amene anavulala ndi mwana.

Loweruka ndinapita kwao. Ambuya ake anandipatsa kampando, nandimvetsera mpaka ndinatha. Kenaka anati: "Aphunzitsi, mwana uyu amauka 04 koloko kukatunga madzi. Akacoka ku sukulu amakagulitsa vitumbuwa pamseu mpaka mdima. Amai ake tinawaika mu Febuluwale. Nsima timadya kamodzi pa tsiku. Inuyo mukanaseka?" Ndinasowa coyankha.

Pobwerera ndinali kuganizira dzina la komboniyo. Nabvutika ndi mau a munthu wodandaula. Nanga munthu akati ndabvutika, ndi liti pamene akudwala, ndipo ndi liti pamene akungonena zoona za umoyo wake? Buku lija limacenjeza kuti woyeza aganizire za maliro, mbiri ya munthu ndi cikhalidwe cake asanachule dzina. Ine ndime imeneyo ndinaidumpha, cifukwa kuwerenga pa zala kunali kosabvuta kusiyana ndi kupita ku Nabvutika.

Dzina limene wamphamvu amapereka kwa wofooka lili ndi mbiri yoopsa. Mu 1851 dokotala wa ku America, Samuel Cartwright, analemba kuti akapolo othawa ambuye ao anali ndi matenda a maganizo, nawacha drapetomania. Kuno kwathu lamulo la nthawi ya atsamunda, Mental Disorders Act, linali kugawa odwala ndi mau acipongwe monga "idiot" ndi "imbecile", ndipo linalowedwa m'malo ndi Mental Health Act mu 2019, patapita zaka 55 cilandirireni ufulu. Anthu amene analemba mau amenewo anali ophunzira, ndipo nawonso anakhoza mayeso ao.

Komabe buku lija sindingalitaye, cifukwa ndinaona malume anga. Anayamba kumva mau a anthu osaoneka ndi kuyenda usiku osagona. Kumudzi anawamanga ndi cingwe pa mtengo wa mango. Mbuzi ziwiri zinapita kwa sing'anga, ndipo cala cinaloza nkhalamba ina yamasiye kuti ndiyo inawalodza. Titawatengera ku Chipata Central Hospital, ogwira nchito kumeneko anawafunsa mafunso ambiri, anafunsanso ife abale, kenaka anachula dzina: schizophrenia. Anayamba kumwa mankhwala. Lero amalima dimba lao ndi kugulitsa matimati pa Saturday Market. Dzina limenelo linamasula anthu awiri, malume pa cingwe ndi nkhalamba ija pa mlandu wa ufiti.

Tsono n'cifukwa ciani dzina linamasula malume koma linamanga mtsikana uja? Kusiyana ndikuona pa zinthu zitatu. Amene anachula dzina la malume anayamba amvetsera kwa nthawi. Analichula m'cipinda, kwa mwiniwake ndi abale ake okha. Ndipo pambuyo pa dzinalo panabwera thandizo. Ine sindinamvetsere, ndinalankhula citseko cili pululu, ndipo m'manja ndinalibe ciliconse compatsa. Dzina la matenda lopanda thandizo pambuyo pake ndi mseche cabe, ngakhale licokere m'buku lalikulu bwanji.

Ku Harare dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene azimai acikulire ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa kiliniki n'kumamvetsera anthu. Mau amene amagwiritsa nchito ndi a Cishona, kufungisisa, amene ife timati kuganiza kwambiri, ndipo mau omwewo analowa m'buku la DSM-5. Nawonso ali ndi mndandanda wao wa mafunso 14, ndipo akaona kuti bvuto ndi lalikulu amatumiza munthu kwa anamwino. Mndandanda ulipo, koma khutu ndilo limatsogola.

Lolemba lotsatira ndinaitana mtsikana uja ndi kumupepesa. Anangoyang'ana pansi nati, "Palibe kanthu, aphunzitsi." Ndinadziwa kuti kanthu kanalipo. Ambuya ake atabvomera, aphunzitsi a uphungu anapita naye ku kiliniki, ndipo zimene anakambirana kumeneko sindinafunse. Mwina dzina limene ndinachula linali loona, pakuti cisoni ndi njala zimadwalitsadi maganizo. Koma kuchula sikunali kwa ine, ndipo kufalitsa sikunali kwa munthu aliyense.

Anakhoza mayeso, tsopano ali giredi 10. Alipo anyamata ena amene akali kumuitana ndi dzina lija akamadutsa pa bwalo. Ndikawamva ndimawaletsa, ndipo amakhala cete cifukwa ndine mphunzitsi. Iwo sadziwa kumene mauwo anayambira, koma iye amadziwa.